Khutu la Makanika

Ku Chirundu mwezi wa October sitigona, timangotembenuka. Dzuwa likalowa, makoma amayamba kubweza kutentha konse kumene anamwa masana, ndipo kamphepo kocokela ku Zambezi kamafika ngati kadutsa pa ng'anjo. Ine ndinazolowela, pakuti ndakhala zaka zambili pano pa boda, kugwila nchito ya mapepala a katundu wa m'malole. Koma atate sanazolowele. Iwo ndi a ku Katete, kumene ngakhale m'cilimwe munthu amafunako kansalu m'bandakuca.

Ndinawatenga mu 2023 atadwala sitiloko. Dzanja lamanja linafooka, mwendo unali kukoka, ndipo lilime linalemela. Munthu amene kale anali kusimba nkhani mpaka nkhuni kutha pamoto, tsopano liu limodzi anali kulikoka ngati ndowa m'citsime cakuya. A ku cipatala anandicenjeza kuti kutentha kwambili si kwabwino kwa wodwala wotele. Conco itafika nthawi yanga yolandila cilimba, sindinagule mipando imene ndinali kulakalaka. Ndinakwela basi kupita ku Lusaka, n'kubwelako ndi eyakoni yogwilapo kale nchito, ya mbali ziwili ija: ina yopacika m'cipinda, ina yokhala panja pakhoma. Tinaiika ku cipinda ca atate.

Caka cotsatila mvula inakana. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika October malaiti anali kubwela maola owelengeka cabe pa tsiku, kawilikawili pakati pa usiku. Damu ili kumtunda kwa mtsinje womwewu umene timauona tsiku lililonse, koma tinali mumdima monga ena onse. Maola ocepa amenewo ndiwo anali tulo ta atate. Malaiti akabwela ndinali kudzuka, kuyatsa eyakoni, ndi kuima pakhomo mpaka nditamva kuti agona.

Usiku wina nditangoiyatsa, khoma linayamba kunjenjemela. Gudugudu, gudugudu, ngati munthu akusinja patali. Galasi la pawindo nalo linayamba kuvomela. Ndinacita mantha n'kuizima, pakuti ndinadziwa kuti ikafa, ndalama yogulila ina ndilibe.

Mumdimamo atate anakamba. "Fa... fani."

"Inde atate, ndikubweletsa fani ya ku cipinda canga," ndinayankha, ndili kale pakhomo.

Anagwedeza mutu, koma ine ndinali nditatembenuka. Apa ndiyenela kuulula. Kuyambila pamene anadwala, ndinali nditaphunzila kuwamalizila mau. Akayamba "ma...", ine ndathamangila madzi. Akayamba "nd...", ine ndabweletsa ndodo. Ndinali kudziuza kuti ndikuwapeputsila mtolo. Zoona zake n'zakuti ndinalibe mtima wodikila.

M'mawa ndinaitana mnyamata wina wokonza maeyakoni amene mnzanga wa ku nchito anandilozela. Malaiti kunalibe, conco phokosolo sanalimve. Anangoyang'ana bokosi la panja, n'kuligogoda ndi cala.

"Gasi yatha, amai. Ndipo kompulesa ili pafupi kufa. Tisinthe zonse pamodzi."

Mtengo umene anachula unali kupitilila malipilo anga a mwezi wonse. Ndinayamba kale kuwelenga m'mutu anthu amene angandikongoze, pamene ndinamva ndodo ikumenya simenti. Atate anali pakhonde, maso ali pa mnyamatayo.

"Gasi... si... siigogoda."

"Musawadandaule, anali makanika wa zigayo," ndinatelo.

"Amadala, izi si zigayo," anatelo mnyamata uja akuseka. Ndipo ine ndinaseka naye. Kuseka kumeneko kumandiwawabe. Cimene cinandipulumutsa tsiku limenelo si nzelu ayi, koma kusowa ndalama. Ndinamuuza kuti ndidzamuitana mwezi ukatha.

Atate anakonza zigayo zaka zoposa makumi atatu, kuyambila ku Katete mpaka ku Sinda ndi ku Chadiza. Zambili zinali za injini za dizilo za Lister, zoyamba ndi kupukusa ndi dzanja. Ndili mwana ndinali kuwanyamulila thumba la masipanala pa holide. Tikafika pa cigayo, sanali kuthamangila kumasula. Anali kuuza mwini wake kuti ayatse, iwo n'kukhala pa citini, maso otseka, ngati munthu womvetsela mlandu. Eni zigayo ena anali kukwiya poona kuti makanika amene amulipilila ulendo wangokhala. Koma akanyamuka pa citinipo anali kupita pa nati imodzi yokha. Zonsezi ndinali kuzidziwa, koma ndinali nditaziika pamodzi ndi masipanala ao m'sutukesi ya pansi pa bedi.

Usiku umenewo malaiti anabwela ca m'ma wanu koloko. Nditalowa m'cipinda ndinapeza atate atakhala kale, nsapato kumapazi. Analoza panja. Ndinawagwila mkono, tinazungulila nyumba pang'onopang'ono, ndipo ndinawakhazika pa mpando pafupi ndi bokosi lija. Anandiuza ndi dzanja kuti ndikayatse.

"Khala," anatelo nditabwela. "Mvela."

Ndinakhala pa njelwa. Sindinaonepo usiku wautali conco. Mafunso ao anali atatu cabe, koma lililonse linatenga nthawi yake, ndipo nthawi ino sindinawamalizile.

Loyamba linali lakuti, phokoso likucokela kuti? Ine ndinali kuganiza kuti ndi m'cipinda, cifukwa ndi kumene ndinalimva. Koma khoma limanyamula kunjenjemela n'kukupeleka kwina. Titakhala panja zinali zoonekelatu kuti gwelo lake ndi bokosi la panja.

Laciwili, likuyamba liti? M'bokosi limeneli muli zinthu ziwili zimene zimayenda. Muli kompulesa, imene imapanikiza gasi ndi kuizungulitsa m'mapaipi, ndipo muli fani, imene imauluza kutentha kumene gasiyo yatenga m'cipinda. Titamvetsela bwino tinapeza kuti fani ikamayamba, kugunda nako kumayamba pang'onopang'ono, ikathamanga nako kumathamanga, ndipo tikazima kumazilala pamodzi ndi mapiko ake.

Lacitatu anafunsa ndi cala, akucizungulitsa m'mwamba: kodi phokosoli likuvina pamodzi ndi cozungulila? Ngati likutelo, vuto lili pa cozungulilaco.

Kenako anandituma sikuludilaiva yaitali ya m'sutukesi ija. Dzanja lao silikanatha kuigwila, conco anandionetsa kuti ndigunditse nsonga yake pa cibokosi ca kunja, kutali ndi waya ndi mapiko, cogwilila ndiike pa khutu. Kumbali ya kompulesa ndinamva kulila kosalala, kofanana, ngati njuci zili mumng'oma. Kumbali ya fani ndinamva kugunda kuja, koonekela bwino ngati kugunda kwa mtima.

"Fani," anatelo atate, akundiyang'ana.

Ndi pamene ndinazindikila cimene anali kukamba usiku wadzulo lake.

Kutaca tinazima swichi ya pakhoma, ngakhale kuti malaiti kunalibe, cifukwa masiku amenewo anali kubwela mosalonjela. Ndinamasula cotsekela ca kutsogolo n'kuunika ndi foni. Kuseli kwa phiko limodzi kunali cibulunga ca dothi louma, cacikulu ngati cala camanthu. Mavu aja oumba nyumba ndi matope anali atapeza malo abata. Popeza fani inali kuima pafupifupi tsiku lonse cifukwa ca kusowa kwa malaiti, iwo anaiyesa khoma. Phiko limodzi likalemela kuposa anzake, fani imazungulila motsimphina, ndipo bokosi lonse limagwedezeka. Ndinapala dothilo ndi supuni, ndinapukuta mapiko onse, ndinacotsa masamba a mango amene anali pansi, ndipo atate anandilozela manati awili a pa citsulo cogwila bokosi ku khoma amene anali atamasuka ndi kugwedezekako. Usiku eyakoni inalila monga kale. Sindinalipile ngakhale ngwee imodzi.

Patapita masabata awili kunabwela phokoso lina. Fani inali kuzungulila bwino, koma m'kati munali kumveka kubuula kolemela kwa kanthawi kocepa, kenako "tiki", n'kukhala zii. Pakapita mphindi zingapo, kubuula kuja kwabwelanso. M'cipinda munali kutuluka mphepo, koma yosazizila. Tinakhalanso panja, ine pa njelwa, iwo pa mpando.

"Zima," anatelo mwamsanga. Nditazima anapitiliza, liu ndi liu. "Ifuna... kuyamba. Palibe... woipukusa."

Ndinafunsa ngati nditenge sikuludilaiva. Anakana.

"Ici... sindicidziwa. Itana... wodziwa."

Sindinawamvepo atate akukamba mau amenewo ndili mwana, ngakhale ndikhulupilila kuti anali kuwakamba. Ndinawalemekeza kwambili usiku umenewo kuposa usiku wa mavu uja.

Ulendo uno ndinafufuza bwino, ndipo ndinapeza bambo wina wacikulile wokonza mafiliji. Iye anakana kubwela masana. Anati ndimuimbile malaiti akabwela, ngakhale pakati pa usiku, cifukwa sangacize cimene sanamve. Atafika anamvetsela kubuula kuja kamodzi cabe, anazima, n'kutsegula kambali ka mawaya. Anatulutsa kacitini kacitsulo kotupa pamwamba ngati citini ca nsomba zoola.

"Iyi ndi kapasita, amai. Ndiyo imapatsa kompulesa mphamvu yoyambila. Ikafa, kompulesa imangobuula, imatentha, ndiye kocinjiliza kake kamaizimitsa. Ndiye 'tiki' amene munali kumva uja. Mukanaisiya ikuyesayesa conco, mukanaocha kompulesa yeniyeniyo."

Ndinamuuza zimene atate anakamba, zakuti palibe woipukusa. Bamboyo anaika kacitini pansi n'kutembenukila kwa iwo.

"Atate, munali kugwila injini zanji?"

Yankho linatenga nthawi. Ine lilime linali kuyabwa kuti ndiyankhe, koma mlendoyo anangokhala, manja pa maondo, mpaka liu lakuti Lister linatuluka lonse. Anaceza pafupifupi ola lathunthu. Atate anakamba mau ambili usiku umenewo kuposa amene anakamba kwa ine mwezi wonse, ndipo cifukwa cake ndinali kucidziwa.

Asanapite, bamboyo anandisiyila zimene ndinalemba kuseli kwa kalenda. Kapasita isakhudzidwe ndi munthu wosadziwa, cifukwa imasunga magetsi ngakhale swichi ili yozima. Kutentha ndi malaiti obwela mofooka kapena mwamphamvu ndizo zimaipha msanga, conco malaiti akabwela ndidikile pang'ono ndisanayatse, ndipo ndigule kabokosi kocinjiliza konga kamene timaika pa filiji, koma kolingana ndi mphamvu ya eyakoni. Ndikazima, ndisayatsenso mpaka patapita mphindi zitatu. Gasi siimatha yokha monga mafuta a galimoto. Ikacepa ndiye kuti pali pamene yabooka, ndipo zizindikilo zake ndi kulila kwa "siii" ngati tayala lobooka, mafuta pa mfundo za mapaipi, madzi oundana pa paipi, ndi kusazizila. Woika gasi asanatseke pobooka akungogulitsa ulendo wina. Kulila kosongoka ngati wilibala yopanda mafuta ndi mabelingi a mota ya fani. Kuthetheka kwa pulasitiki ya m'cipinda ikamazizila, ndi kamkokomo konga madzi oyenda m'paipi poyamba kapena pozima, zimenezo si matenda. Koma kugunda kwa citsulo pa citsulo m'kati mwa kompulesa, kapena fungo la waya wopsa, pamenepo ndizime pakhoma ndisanafunse munthu aliyense.

Kapasita yatsopano pamodzi ndi nchito yake sizinafike ngakhale pa cakhumi ca mtengo umene mnyamata uja anachula. Sindinganene kuti iye anafuna kundibela. Mwina anangochula matenda amene amawadziwa, monga ine ndinali kuthamangila madzi ndikamva "ma". Tonse awili tinali kuyankha tisanamve.

Sindinasinthe tsiku limodzi. Pali m'mawa wina pamene malole ali pamzele, foni ikulila, ndipo atate ayamba liu limene sindikudziwa kumene likupita. Nthawi zina ndimalephelabe. Koma kawilikawili tsopano ndimaika cikwama pansi. Ndapeza kuti "ma" nthawi zina ndi madzi, nthawi zina ndi mankhwala, ndipo tsiku lina anali "mai ako", pakuti anali atawalota.

Mvula yoyamba itagwa, usiku wina ndinamva ndodo ikugogoda pansi. Ndinathamanga, mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza ali cigonele, maso otseka, eyakoni ikuyenda.

"Mvela," anatelo.

Ndinamvetsela. Fani ya m'cipinda inali kupuma mofatsa. Kuseli kwa khoma kompulesa inali kulila kosalala kuja. Ndinafunafuna kugunda, kubuula, kapena "siii", koma sindinapeze kanthu.

"Atate, ili bwino."

"Eya. Uidziwe... ili bwino."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi kuti ndiiloweze. Patapita kanthawi iwo anagona, ndipo pansi pa kulila kwa makina ndinayamba kumva kupuma kwao, kulowa ndi kutuluka, ndi kakhwilili kocepa kumapeto. Nakonso ndinakhala ndikukamvetsela mpaka malaiti anapita.