Mtima wa Bambo Anga

Kwathu ndi kumunsi kwa mapiri a Dzalanyama, kupitirira pa Mitundu, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe. Bambo anga, monga amuna ambiri a m'dera lathu, ankadalira makala. Ankaotcha m'nkhalango, n'kusanja matumba panjinga, n'kupalasa usiku kuti akafike mumzinda kusanache. Fizi yanga inkachokera kumeneko. M'chaka cha 2015 boma linatumiza asilikali kukateteza nkhalangoyi, popeza ndiyo imasunga madzi odzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, omwe anthu a mumzinda wa Lilongwe amamwa. Kuyambira pamenepo bambo ankayenda mtima uli m'mwamba.

Usiku wina anathawa n'kusiya njinga ndi makala m'tchire. Anafika kunyumba osavulala paliponse, ndipo tinayesa kuti zatha. Patapita milungu ingapo, tikudya nsima madzulo, anangoponya mbamu m'mbale n'kugwira pachifuwa. Thukuta linali kamukamu, akupuma mwabefu ngati munthu amene wathamanga mtunda wautali.

"Mwanangu, itana amayi ako. Mtima ukufuna kutuluka, ine ndikufa," anatero.

Anati akumva chizungulire, maso achita chidima, ndipo zala ndi milomo zachita dzanzi. Patatha mphindi ngati makumi awiri zonse zinaleka, n'kutsala kufooka kokha. Koma zinabweranso, nthawi zina kawiri pa mlungu. Azakhali a ku Nathenje atamva anati pali munthu wawaponda, ndipo anawatengera kwa sing'anga. Anabwerako ndi mphini pachifuwa, mbuzi yathu itapita, matenda ali pomwepo.

Pamapeto pake amayi anawakakamiza kupita kuchipatala cha Mitundu, ine n'kuwaperekeza. Adokotala anawayeza malungo, kuchuluka kwa magazi ndi BP, n'kuwamvetsera mtima. Kenako anawafunsa funso limene sitinkaliyembekeza: "Bambo, kodi usiku mumagona? Mumaganiza chiyani?" Bambo anakhala chete kanthawi. Atayamba kuyankhula ndinamva koyamba za ngongole ya njinga ija, za fizi yanga, ndi zoti galu akangouwa usiku ankadzidzimuka poganiza kuti abwera kudzawagwira. Adokotala anati amenewa ndi matenda a nkhawa.

Ine sindinakhutire. Ndinkadzifunsa kuti maganizo angagwetse bwanji munthu wamphamvu wonyamula matumba anayi panjinga. Zimene ndinawerenga pambuyo pake n'zimene zinandimasula. Munthu akaona zoopsa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tili pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa adirenalini. Ameneyu amafulumizitsa mtima, amakweza BP, n'kukankhira magazi ambiri ku minofu kuti munthu athawe kapena alimbane nacho chomuopsacho. Munthu wamkulu akamapuma osagwira ntchito, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, koma mantha akamugwira umapitirira pamenepo. Usiku uja m'tchire zimenezi n'zimene zinawapulumutsa. Vuto linali loti thupi lawo linapitiriza kuthawa iwo atakhala pamphasa pakhomo pawo.

Nanga chizungulire chija? Ubongo ndi gawo laling'ono, pafupifupi magawo 2 pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 pa 100 a okosijeni amene thupi limafuna. Munthu akamapuma mofulumira kwambiri amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka. Mpweyawu ukachepa m'magazi, mitsempha ya muubongo imapanikizika ndipo magazi opita kumeneko amachepa. Ndiye pamene mutu umazungulira, maso n'kuchita chidima. Kusintha komweku m'magazi ndiko kumabweretsa dzanzi m'zala ndi m'milomo. Wodwala akamva zimenezi amaopa kuti akufa, manthawo n'kuwonjezera befu, befulo n'kuwonjezera chizungulire.

Adokotala aja anatichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, munthu akamva kupweteka pachifuwa azithamangira kuchipatala osangoti ndi nkhawa, chifukwa matenda enieni a mtima amayambanso chimodzimodzi. Chachiwiri, ngakhale kuti kugwidwa kotereku kumatha kokha, nkhawa ya zaka zambiri imatopetsa mtima ndi mitsempha, ndipo imayendera limodzi ndi BP yokwera, imene ikanyalanyazidwa imabweretsa sitiroko.

Anawaphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno ndi kuutulutsa mochedwa akangomva kuti zayamba. Anawauzanso kuti achepetse tiyi wamphamvu ndi mowa, ndi kuti azikamba zakukhosi ndi munthu amene amamukhulupirira. Apa ndi pamene panavuta, chifukwa kwathu mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench m'chaka cha 2006, yomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Kwa ife benchi lathu linali khonde, ndipo womvetsera anali malume, amene ankabwera Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi.

Bambo sanachire tsiku limodzi. Panapita miyezi yambiri asanayambe kugona mpaka kucha. Makala anawasiya, n'kuyamba dimba la tomato ndi kabichi, ndipo ndiwozo amakagulitsa pamsika wa Mitundu dzuwa likuswa mtengo. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi za makala, moti chaka china ndinakhala panyumba teremu yathunthu posowa fizi. Patchuthi chapitachi ndinawapeza atakhala pamzere m'dimba, dzanja lili pachifuwa, akutulutsa mpweya pang'onopang'ono. Ndinathamanga kuti ndiwagwire, koma anandikweza dzanja.

"Usaope, mwanangu. Ndikuudziwa tsopano, uleka wokha. Tenga kheniyo upitirize kuthirira."