Boti la Aluminiyamu ndi Mchere wa ku Cape

Chichewa chathu chili ndi liwu limodzi lotchulira madzi aakulu. Madzi a ku Nkhotakota timati nyanja, a ku Hout Bay timatinso nyanja, kungowonjezerapo kuti "ya mchere". Liwu limodzili limatinamiza ife amene tidakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi n'kudzakhala kuno ku Cape Town. Tikaona mafunde timamva ngati takumana ndi mbale wathu. Chonsecho madzi awiriwa amasiyana ukali, kuzizira ngakhalenso malamulo ake, ndipo boti lodalirika pa nyanja ina likhoza kusanduka bokosi la maliro pa nyanja inzake.

Ku Wallacedene, m'dera la Kraaifontein, kumakhala Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'minda ya mphesa, m'makomo mwa anthu ndi pa zomangamanga. Nyanja ili kutali, makilomita oposa 20, koma nsomba ya snoek imafika ndithu pa timagalimoto ta ogulitsa. Mlamu wanga, mwana wa msodzi wa usipa, sankatha kuyang'ana nsomba imeneyi popanda kuwerengera phindu mumtima. Iye ndi anzake anayi adasonkha ndalama mwa chipereganyu kuti agule boti la aluminiyamu logwiritsidwapo kale ntchito. Adabwera kwa ine nati, "Alamu, inu mumawerenga zikalata za Chingerezi. Tationerani ngati botili lingatithandize."

Chimene chidawakopa n'chomveka. Aluminiyamu ndi wopepuka: chidutswa chake chimalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chidutswa chofanana nacho cha chitsulo. Boti lotere limayenda ndi injini yaing'ono, silidya mafuta ambiri, ndipo galimoto wamba imatha kulikoka pa ngolo. Siliwola ngati matabwa, komanso likagunda mwala limangopindika m'malo mosweka. Kwa munthu amene adaona bambo ake akumata ming'alu ya bwato chaka ndi chaka, chuma chotere chimaoneka ngati chosatha. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi mchere. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo madzi otere amadutsitsa mphamvu ya magetsi mosavuta. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ngati malata a nyumba za ku Wallacedene, koma akakhudzana ndi mkuwa kapena chitsulo china m'madzi amchere, ziwirizo zimagwira ntchito ngati batire, ndipo wodyeka ndi aluminiyamuyo. Kawaya ka mkuwa koiwalika pansi pa boti kakhoza kuboola kabowo m'kupita kwa miyezi. Penti woletsa ndere wokhala ndi mkuwa amawononga chimodzimodzi, monganso matabwa onyikidwa m'mankhwala a mkuwa amene ena amakhomera ngati mipando. N'chifukwa chake eni maboti amamangirira tizidutswa ta zinki kunsi, kuti tizidyeka ito m'malo mwa boti, ndipo amatsuka boti ndi injini ndi madzi opanda mchere akangochoka panyanja. Wogula boti lakale ayenera kugwada n'kuyang'ana pansi pa matabwa opondapo. Akaona ufa woyera ndi timaenje ngati ta nthomba, adziwe kuti mchere udayamba kale kudya.

Aluminiyamunso ali ndi mitundu. Woyenera nyanja ya mchere ndi wosakanizidwa ndi magineziyamu, amene amisiri amamutchula ndi manambala 5083 kapena 5086. Maboti ambiri otchipa amapangidwira madamu ndi mitsinje. Amakhala opyapyala, athyathyathya kunsi, ndipo zidutswa zake zimalumikizidwa ndi misomali yomenyerera imene imakhwepa mafunde akamaimenya tsiku ndi tsiku. Boti la panyanja yaikulu limafuna aluminiyamu wochindikala, wowotcherera, ndi mimba yosongoka yong'amba mafunde. Likang'aluka, mmisiri wa pakona amene amawotcherera zitseko sangalikonze, pakuti aluminiyamu amafuna makina ake ndi mpweya wa argon. Boti limene alamu adalipeza lidali la misomali, ndipo mwini wake ankaliyendetsa pa damu.

Nyerere yachiwiri ndi nyanja yeniyeniyo. Kwathu timaopa mwera, koma bwato likagudubuzika munthu amagwera m'madzi ofunda, momwe wodziwa kusambira angapirire nthawi yaitali. Kumadzulo kwa Cape Town, komwe kumadutsa madzi ozizira a Benguela, nyanja nthawi zambiri imakhala pakati pa madigiri 10 ndi 15, ndipo manja amauma msanga ngakhale a katswiri. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene anthu kuno amaitcha Cape Doctor, imaomba mwamphamvu m'miyezi yotentha, ndipo kumbali imeneyi imakankhira boti kutali ndi mtunda. Apa kupepuka kuja kumasanduka chilema, chifukwa boti lopepuka limauluzika ngati tsamba. Msodzi wina wachikulire ku Kalk Bay adandiuza kuti anzake ambiri amakonda maboti olemerako a fayibagalasi pa chifukwa chomwechi.

Boma la South Africa lidaika malamulo pa zimenezi. Bungwe la SAMSA, loona za chitetezo cha panyanja, limagawa maboti ang'onoang'ono m'magulu malinga ndi malamulo a 2007. Boti la gulu E silipitirira mailosi imodzi ya panyanja kuchokera kumtunda, la gulu D limalekeza pa mamailosi 5, la C pa 15, la B pa 40. Boti limayesedwa chaka ndi chaka, liyenera kukhala ndi zoliyandamitsa ngakhale litadzaza madzi, ndi majekete opulumutsira moyo, ndipo woliyendetsa ayenera kukhala ndi chiphaso. Bungwe la NSRI, limene lakhala likupulumutsa anthu panyanja kuyambira mu 1967, limadalira anthu ongodzipereka, amene amasiya mabanja awo usiku kukafuna boti losowa.

Nyerere yachitatu ndiyo idatikhalitsa chete. Pansi pa lamulo la 1998 la zamoyo za m'nyanja, munthu akhoza kugula chilolezo chowedza mongosangalala, koma nsomba zakezo saloledwa kugulitsa, ndipo snoek sapitirira 10 pa tsiku. Ufulu wogulitsa uli ndi mbiri yake yowawa. Asodzi ang'onoang'ono a dziko lino adachita kukasuma, ndipo mu 2007 bwalo la Equality Court lidalamula boma kuti liwakonzere ndondomeko yawo. Ndondomekoyo idatuluka mu 2012, koma makopaletivu a ku Western Cape adalandira ufulu wawo wa zaka 15 mu 2023. Wolowa m'makopaletivu amenewa ayenera kukhala nzika ya South Africa yokhala ndi mbiri ya usodzi ya zaka 10. Mlendo, kaya akhale ndi boti labwino chotani, khomo limeneli ndi lotseka kwa iye.

Tidawerengeranso mafuta okokera boti kupita kudooko, ndi malo olisungira. M'dera lothithikana ngati Wallacedene mulibe bwalo loimikapo ngolo, ndipo aluminiyamu ali ndi msika kwa ogula zitsulo zakutha, moti akuba samunyalanyaza. Pamapeto pake anthu asanu aja adagula firiji yaikulu, nayamba kupikula snoek kwa asodzi ovomerezeka n'kumagulitsa m'dera lawo. Maganizo a boti sadafe. Alamu akuti adzaligula akadzabwerera kwathu, kumadzi opanda mchere kumene mphepo zake amazidziwa mayina.

M'ntchito zachitukuko timakonda kuwerenga zipangizo: maboti angati agawidwa, injini zingati zaperekedwa. Zipangizo zimaoneka bwino pa chithunzi, koma moyo wa msodzi umadalira zinthu zimene chithunzi sichionetsa, monga mtundu wa chitsulo, kuzizira kwa madzi ndi dzina lolembedwa pa chilolezo. Amene akufuna boti la aluminiyamu ayambe wafunsa kuti liyenda pa madzi ati, lidzakonzedwa ndi yani, ndipo nsomba zake lamulo lidzamulola kugulitsa kapena ayi. Mtengo wake aufunse pomaliza. Safunsa adadya phula, ndipo panyanja ya mchere wosafunsa amasiya ana amasiye.