Siteki Yathu Ipse Mpaka Pafupa

Tinali anayi pa thebulo, tonse odzipeleka a pa wailesi yathu ya m'komboni. Bungwe lina linatiitana ku maphunzilo a masiku atatu pa hotela ina muno mu Lusaka, ndipo usiku wothela anatiuza kuti aliyense aitanitse cimene mtima wake ufuna, bilu ni yawo. Munthu akakuuza conco susankha nkhuku. Tonse tinaloza siteki.

Weita analemba, ndiyeno anafunsa m'Cizungu kuti sitekiyo tiifuna bwanji. Mnzathu amene amawelenga zilengezo za malilo, munthu wosacedwa kuyankha, anati: "Na nsima." Weita anamwetulila pang'ono cabe, monga munthu amene anaphunzitsidwa kusaseka makasitomala, n'kufotokoza kuti afunsa za kapsedwe: rare, medium, olo well done. Ise amene tilemba pano, pofuna kupukuta manyazi a gulu lonse, tinakweza mau ngati tili pa maikolofoni n'kunena kuti "medium rare", mau amene tinatola pa mavidiyo a zophika-phika pa YouTube.

Mbale inabwela yokongola, kunja kwa nyama kuli mizele yakuda ya waya. Titaika mpeni, mkati munali mofiila piliwili, ndipo madzi ake anayendelela mpaka kunyowetsa machipisi. Mnzathu wa zilengezo uja anasuzumila m'mbale yathu n'kunong'ona kuti: "Kodi malaiti anayenda ali pakati pophika?" Tinadya m'mbali-mbali mmene munali mopsa, yotsalayo tinaibisa pansi pa tsamba la letesi ngati mwana wobisa mapilisi. Nyama ya mtengo wokhala pafupi na wa thumba la unga inabwelela kukhichini. Pobwelela kunyumba tinatsika basi pa siteshoni, tinagula michopo ya pa waya, mcele na mpilipili pa kapepala, n'kudya tili ciimilile. Apo m'pamene mimba inavomela kuti tadya.

Njala ya usiku umenewo tinaiiwala msanga. Cimene cinakhala pamtima n'cakuti tinanama. Kucokela ku umwana tidziwa mmene timakondela nyama, koma titafunsidwa pamaso pa anthu ovala mataye, tinachula kukonda kwa munthu wina, poopa kuoneka a kumudzi. Ndipo tidziwa kuti si ise tekha. Ambili a imwe munatengapo cisumbali kupita naco ku lesitilanti ya pa mall, n'kuyankha funso limeneli na mtima uli m'mwamba.

Mlungu wotsatila tinaiika nkhaniyi pa pulogilamu yathu ya pa Ciwelu masana. Tikamakamba za ngalande zotsekeka na zinyalala, mafoni amalila awili olo atatu. Tsiku limenelo sanapume. Amai ena anati nyama yofiila mkati ni ya mphaka, osati ya munthu wobatizika. Mnyamata wina amene amagwila nchito m'khichini ya lesitilanti anati ise a well done timaononga ndalama, timalipila siteki koma n'kudya nsapato. Abambo ena acikulile anachula Levitiko 17 na Macitidwe 15, n'kutikumbutsa kuti Baibulo imaletsa kudya magazi.

Pa za magazi, mnyamata wa kukhichini uja anakamba zoona, ndipo tinakazipeza m'mabuku pambuyo pake. Magazi a ng'ombe amakhetsedwa pomwe aipha. Madzi ofiila amene amacoka mu siteki ni madzi wamba osakanizika na myoglobin, cinthu ca mu mnofu cimene cimasunga mpweya wa okosijeni. Cikatenthedwa kwambili cimasanduka cotuwa, ndiye cifukwa nyama yopsa imasintha mtundu. Conco wodya medium rare sadya magazi. Komanso ise a kum'mawa tisadzionetse oopa magazi kwambili: pa Nc'wala ku Mtenguleni, caka ciliconse kothela kwa February, Inkosi ya Makosi Mpezeni amamwa magazi a nkhunzi yakuda anthu onse akuona, ndipo timaimba nthungululu. Koma maso ali na cikhulupililo cawo-cawo. Olo muwauze kuti ni myoglobin, iwo aona cilonda.

Cimene mnyamata uja sanakambe n'cakuti siteki ya m'khichini yake na nyama imene inatilela ise si zofanana. Ya m'mahotela kambili imacokela ku ng'ombe zazing'ono msinkhu zonenepetsedwa m'makola, monga a Zambeef pa Huntley Farm ku Chisamba, ndipo imasungidwa m'cipinda cozizila masiku angapo kuti ifewe. Ya kwathu ku Katete inali ya ng'ombe za Angoni, zazing'ono thupi, za linunda, zimene zinayenda mitunda kufuna msipu na madzi. Ndipo munthu sanali kupha ng'ombe yamphamvu. Inali kuphedwa ija imene yakalamba pa joko, yalima minda ya mudzi wonse. Nyama yotelo ili na mitsempha yolimba, ndipo mitsempha imeneyo siigonja ku moto wa mamineti asanu. Imafuna madzi na nthawi kuti isungunuke, ikhale ija yomata-mata m'zala. Amai athu poiika m'poto na madzi pang'ono na mcele, n'kuisiya pa mbaula mpaka madzi aphwe, sikuti anali kusadziwa kuphika siteki. Anali kuidziwa bwino ng'ombe imene ili m'potomo.

Onaninso kadulidwe. Pa buchala ya m'komboni, T-bone amaidula pa makina yopyapyala, yosafika olo pa kunenepa kwa cala, cifukwa kilo imodzi iyenela kutulutsa zidutswa zokwanila nyumba yonse, na mlendo amene angafike nsima ili pamoto. Medium rare imafuna nyama yocindikala ngati zala ziwili, kuti kunja kupse mkati mukali mofiila. Yathu yopyapyalayi mukangoitembenuza kawili, yapsa kale mpaka mkati. Funso la weita lija pa nyama yotele silikhalako n'komwe.

Ndiye pali nkhani ya cidalilo, imene kwa ise ndiyo yaikulu. Odziwa za ukhondo wa zakudya amakamba kuti pa cidutswa ca nyama cathunthu, tuzilombo tumakhala kunja, ndipo moto wa pa pani umatupha. Ndiye cifukwa a USDA ku America amalangiza kuti siteki ifike madigili 63 mkati n'kuipumitsa mamineti atatu, koma nyama yogaya, monga ya mabega, ifike madigili 71, pakuti pogaya zakunja zimaloŵa mkati. Izi n'zoona kwa nyama imene inapimidwa na a zanyama pophedwa, inayenda m'galimoto yozizila, n'kufikila mu filiji yosazima. Manje kumbukilani 2024, madzi atacepa ku Kariba, pamene malaiti anali kuyenda maola ofika 21 patsiku. Mafiliji m'makomboni anasanduka makabati. Nyama inali kuuma usiku, kusungunuka masana, kuumanso. Ndani akanapempha yofiila mkati masiku amenewo?

Caka ca 2023 cinatiphunzitsanso cina. Anthrax itabuka, kuyambila ku Sinazongwe, a WHO analengeza kuti pofika pa 20 November anthu 684 anali kuganizilidwa kuti adwala, ndipo anayi anamwalila. Pa wailesi tinabweleza uthenga umodzi-modzi mpaka mau kusasa: nyama ya ciweto cimene cadzifela osaidya, osaisenda, olo muiphike tsiku lonse. Kupsetsa si mankhwala a nyama yoipa. Koma munthu amene anaona mabuchala opanda makasitomala miyezi imeneyo, ndipo adziwa kuti nyama ina imafika m'komboni usiku m'saka, popanda cidindo, musamudabwe akafuna kuti mbale yake isakhale na kofiila olo pang'ono. Palinso njoka za m'mimba, zimene mbewu zake zimabisala mkati mwa mnofu weni-weni, osati kunja cabe. Izo zimafa nyama ikapsa bwino.

Lekani manje tikambe za kukonda kwathu popanda kupepesa. Ise timafuna T-bone, ya mafuta acikasu m'mphepete, ndipo mafutawo asacotsedwe. Mbali yake yaing'ono ni fillet, yaikulu ni sirloin, koma kokoma kopambana kuli pa kona pamene mafupa akumana, kumene mpeni na foloko sizifika. Ngati ni yoocha, mcele uikidwe poyamba, ndipo malasha akhale atayaka kale mpaka kuvala phulusa loyela, osati lawi lonyambita nyama n'kuidetsa kunja mkati mukali mwaiwisi. Ngati ni ya m'poto, ipite njila ya amai: madzi aphwe, nyama iyambe kulila m'mafuta ake, muthile saladi pang'ono, ifiile mbali zonse. Mukaiphula, m'poto momwemo muike anyezi na matimati, mukokolole zonse zomatilila pansi. Supu yake ni imeneyo, ndipo ilibe inzake.

Ibwele yathunthu, na fupa lake. Aja amene amaidulilatu tuzidutswa n'kutundandalika pa thabwa amatilanda nchito imene timaikonda. Pambali pakhale nsima yotentha, cibwabwa olo lepu, tunyemba pang'ono ngati tulipo, na mpilipili payekha kuti aliyense adzipweteke mmene afunila. Supu ija yoyela ya bowa na mkaka, pepani, ikhale kwa eni ake. Pa nsima imaoneka ngati phala lagwela m'ndiwo. Apa m'pamene pali cinsinsi ca nkhani yonse. Siteki ya m'hotela ndiyo mwini mbale, machipisi na letesi ni opelekeza cabe. Pa ise mwini mbale ni nsima, nyama ni ndiwo. Dzanja lamanja liumba mbamu, ndipo nyama iyenela kunyotsoka na zala za dzanja lomwelo. Yesani kunyotsola medium rare na zala, mudzaona mmene imakokekela ngati legeni. Pitani ku Matebeto ku Thornpark nthawi ya nkhomalilo, mukaone a mataye omwewo atapinda malaya m'mikono, fupa lili kukamwa. Palibe wofunsa funso la weita kumeneko.

Koma tivomele mbali imene mnyamata wa kukhichini anatigonjetsa. Kupsa na kupselela ni zinthu ziwili. Alipo anyamata ena a michopo amene amaiwala nyama pa waya ali kuceza pa foni, n'kukupatsani khala lowawa lofuna malita awili a madzi kuti litsike. Imeneyo si well done, ni kusasamala. Anatiphunzitsanso kuti nyama ikacoka pamoto izipuma pang'ono musanaidule, kuti madzi ake asathile onse pa mbale, ndipo taona kuti olo yopsa bwino imakhalako yofewa mukacita conco. Pa za fillet anali na mfundo: ilibe mafuta, ilibe mitsempha, conco mukaipsetsa kwambili imauma gwa ngati cikwama, ndipo ndiyo yodula kupambana zonse. Ngati muli a gulu lathu, siyani fillet, itanitsani T-bone olo rump, ndalama yotsala mugulile cakumwa.

Tinailawa medium yokonzedwa bwino tsiku lina, pa braai kwa msuweni wathu ku Chalala, nyama yocokela ku buchala imene iye aidalila, yocindikala, yapinki pakati. Sitinama, inali yofewa, ndipo kukoma kwa ng'ombe kunamveka kwambili kupambana mmene tinazolowelela. Tinamvetsa cifukwa cake anthu amaikonda. Tinadya cidutswa cimodzi, tinayamikila, ndipo caciwili tinacibwezela pa waya msuweni atapita kukatenga ayisi. Mkazi wake anationa, sanakambe kanthu, anangoika cake pambali pa cathu.

Atate athu, atabwela kudzaonana na dokotala wa maso, tinawasimbila za ku hotela zija. Sanaseke nthabwala ya malaiti. Cimene cinawakhudza ni nyama imene inabwelela kukhichini. Anafunsa kawili kuti: "Ndiye anaitaya?" Munthu amene anaweta ng'ombe moyo wake wonse, ndipo nyama yake anali kuilawa pa malilo, pa cikwati na pa Khilisimasi cabe, sanathe kumvetsa kuti mwana wake anasiya theka la siteki pansi pa tsamba cifukwa coopa weita. Anati: "Mwana wanga, ukanangomuuza kuti akaibwezele pamoto. Moto unali wake, pakamwa panali pako." Tinalibe coyankha.

Mwezi wathawu bungwe lija linatiitananso, ku hotela ina. Usiku wothela, bilu ni yawo. Weita wa kumeneko, mtsikana, anabwela na kabuku kake n'kufunsa funso lomwe lija. Tinamuyankha m'Cinyanja kuti T-bone, ipse mpaka pafupa koma isapselele, ndipo ngati m'khichini muli anyezi na matimati atipangileko kasupu. Mnzathu wa zilengezo za malilo anawonjezela mau ake akale aja: "Na nsima." Mtsikanayo anati nsima ilipo, koma tiyembekeze mamineti 20 cifukwa aphika yatsopano. Anayang'ana kumbuyo ngati aona kumene kuli manijala wake, n'kutsitsa mau: "Olo ine yofiila siningadye, ba boss."

Tinayembekeza. Mbale zitafika tinakankhila mipeni na mafoloko pakati pa thebulo, n'kupempha madzi osamba m'manja. Pa thebulo yoyandikana nayo panali mnyamata na cisumbali cake, siteki yawo ili theka pansi pa letesi. Anayang'ana mbale zathu nthawi yaitali, ndiyeno anakweza dzanja kuitana weita.