Bering'i imaopa hamala

Funso limene ndimamva kawirikawiri pa garaja yanga kuno ku Mbedza ndi lakuti, "Amakaniko, bering'iyi sindingasinthe ndekha kunyumba?" Kale ankafunsa ndi madalaivala a mapikapu okha. Masiku ano akufunsa aliyense, aphunzitsi, anyamata a ma Sienta, ngakhale amayi a m'maofesi, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Munthu akagula bering'i m'thumba mumakhala mutauma, nanga ya makaniko aitenga kuti? Wina amabwera ndi foni n'kundionetsa mzungu wa pa YouTube akusintha bering'i mosatuluka thukuta, manja ali mbee. Sindikwiya nawo. Ndimangofunsa kuti galimoto yake ndi yanji, ndipo tayala lake ndi lakutsogolo kapena lakumbuyo, chifukwa yankho lagona pamenepo.

Tisanafike kosinthako, padziwike kaye kuti chikulirachi ndi bering'i ndithu. Apa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Bering'i yotha imang'ung'udza chapansipansi, ndipo kulira kwake kumakula ndi liwiro la galimoto, osati ndi mafuta amene mwaponda. Ine ndimakwera ndi mwini galimoto kulowera ku Thondwe, kumene tala wa M3 ndi wosalalako, wailesi titazimitsa, mawindo titatseka. Tikafika cha m'ma 60 ndimachotsa phazi pa mafuta. Injini ikatsitsa mawu koma kung'ung'udza kuli pomwepo, ndiye kuti vuto lili ku matayala. Msewu ukakhala wopanda anthu ndimagwedeza chiwongolero pang'ono, kumanzere kenako kumanja. Pokhotera kumanzere galimoto imatsamira pa matayala a kumanja, ndiye kulira kukakula pamenepo, wodwala nthawi zambiri amakhala wa kumanjako. Ndati nthawi zambiri, chifukwa khutu limanamizika. Phokoso limayenda m'chitsulo, la kumbuyo n'kumamveka pansi pa mpando wa dalaivala. N'chifukwa chake tikabwerera ndimakweza galimoto pa jeki, n'kugwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Kenako mnyamata wanga amalizunguza, ine nditagwira sipuling'i. Bering'i ikakhala yabwino dzanja silimva kanthu. Yotha imatumiza kanjenjemera kokhakhala, komveka mpaka m'chigongono.

Matayala a kaunjika odyeka mbali imodzi nawonso amalira chimodzimodzi. Musanagule kalikonse, sinthanitsani matayala, akutsogolo apite kumbuyo. Phokoso likasamuka nawo, bering'i yanu ilibe mlandu. Zimenezo ndiye chitani nokha, n'zaulere.

Ku Zomba kuno mabering'i safa ndi ukalamba. Magalimoto athu ambiri, ma Sienta, ma Probox, ma Vitz ndi ma Passo, adadyera unyamata wawo pa misewu yosalala ya ku Japan asanatsike sitima ku Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe. Akafika kuno amakumana ndi msewu wa ku Kachulu. Sienta ya mipando 7 imanyamula anthu oposa pamenepo, kumbuyo kuli matumba a mpunga ndi madengu a nsomba za ku Chilwa, ndipo dzenje lililonse limene yagunda imalimva ndi bering'i. Koma mdani wamkulu ndi madzi. Galimoto yotsika kuchokera ku Ku Chawe, dalaivala ataponda mabuleki njira yonse m'malo mogwira giya yotsika, imafika m'tauni habu ikuwotcha. Akalunjika nayo kokatsukitsa, kapena kuwoloka nayo pa madzi, chitsulo chimazizira mwadzidzidzi, mpweya wa mkati umanyala n'kukoka madzi kudutsa pa labala wotseka. Girizi amatuwa n'kusungunuka, dzimbiri n'kuyambapo. Itadutsa mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, tidakhala miyezi tikutulutsa mabering'i ofiira ndi dzimbiri.

Tsono yankho la funso lija. Ngati muli ndi pikapu yachikale yokoka ndi matayala a kumbuyo okha, monga ma Hilux akale, kapena Hiace zakale zija, kutsogolo kuli mabering'i awiri osongoka pa tayala lililonse, yamkati yokulirapo ndi yakunja yaying'ono. Mtundu umenewu adautulukira Henry Timken wa ku America, munthu wopanga ngolo za akavalo, n'kuulembetsa mu 1898, ndipo kapangidwe kake sikadasinthe kwenikweni mpaka lero. Wa galimoto yotere ndimamuuza kuti, "Bwana, mukhoza." Mumachotsa tayala ndi buleki, kutomola kachipewa ka pakati, kuwongola kapini, kumasula nati, habu n'kutulukira m'manja mwanu. Tsukani zonse ndi palafini, mupite nazo pa dzuwa. Timigolo take tizinyezimira. Mukaona timaenje, kapena chitsulo chitachita buluu chifukwa cha kupsa, yatha imeneyo. Mphete yakunja imene imatsalira mu habu nayonso ichoke, musaike bering'i yatsopano pa mphete yakale. Polowetsa yatsopanoyo sanjikani yakale pamwamba pake n'kumagogoda pang'onopang'ono mozungulira mpaka mawu a chitsulo atasintha, kusonyeza kuti yafika pansi. Apa pokha ndi pamene ndimalola hamala, poti mpheteyo ikulowa yokha, timigolo mulibe.

Girizi sapaka pamwamba chabe. Mumamuunjika pachikhatho, n'kumakanikizirapo m'mphepete mwa bering'i, mukuizunguza pang'onopang'ono, mpaka atatumphukira mbali inayo pakati pa timigolo tonse. Labala wotseka mugule watsopano, si wodula. Povuta penipeni ndi pa nati. Mumamanga uku mukuzunguza habu kuti zonse zikhazikike, kenako mumabweza, n'kumanganso mopepuka, mongokwanira kuti tayala lisagwedere koma lizizungulira momasuka. Kuli ngati kubereka mwana kumbuyo: nsalu ikathina alira, ikakhwepa agwa. Amuna anzanga ambiri amathinitsa poganiza kuti kulimba ndiye ubwino, bering'i n'kupsa asanafike ku Liwonde. Kapini kaja kakhale katsopano. Ndapezapo misomali yopinda m'malo mwake, ndapezaponso pali pululu, nati ikudzibwerera yokha.

Magalimoto ang'onoang'ono a masiku ano ndi nkhani ina. Kutsogolo kwa ma Corolla, ma Sienta ndi ma Vitz ambiri kuli bering'i imodzi yonenepa, yomatidwa ku fakitale, mkati muli mizere iwiri ya timipira tachitsulo, girizi wake ali momwemo. Siitsegulidwa, ndipo siimangidwa mongoyesa ndi dzanja. Imalowa mothina kwambiri m'chitsulo chonyamula tayala, chija timati knuckle, ndipo choilowetsa ndi pulesi, makina okanikiza ndi mphamvu ya matani angapo, mosamenya. Anyamata a ku Nasawa Technical College akabwera kudzaphunzira ntchito, lamulo loyamba limene ndimawabwerezera ndi lakuti mphamvu isadutse m'timipira. Polowetsa bering'i mu knuckle, kanikizani mphete yakunja yokha. Polowetsa habu mu bering'i, chirikizani mphete yamkati kunsi kwake. Mukaphonya pamenepa, kapena mukatenga chihamala n'kuyamba kukhoma, timipira timadinda timaenje m'njira yake, tosaoneka ndi maso. Galimoto imachoka ili phee, mwiniwake akumwetulira. Pakatha milungu ingapo kulira kuja kwabwerera, mlandu n'kugwera wogulitsa sipeyala kuti adagulitsa feki.

Pano ndinene zimene anzanga ena sakonda kumva. Kupita kwa makaniko sikutanthauza kuti mwathawa hamala. Magaraja ambiri a pansi pa mtengo alibe pulesi, ndipo makaniko safuna kuoneka woperewera pamaso pa kasitomala. Idafikapo Sienta ya mnyamata wina woyenda pakati pa tauni ndi Songani, itasinthidwa kale bering'i ya tayala lomwelo kawiri m'dzinja limodzi. Nditatulutsa knuckle ndidamuitana kuti adzaone yekha. M'mphepete mwa mphete munali zipsera za hamala kuzungulira konse, kamphete kotsekera kali kopindika, theka lake lili kunja kwa mzere wake.

"Achimwene, adakulowetserani ndi chiyani imeneyi?"

"Ndidziwa bwanji, madala? Ine ndidangosiya galimoto n'kupita kukadya chipisi."

Ndalama zimene adataya maulendo awiriwo zikadakwana bering'i yapamwamba ndi malipiro a pulesi, chenji n'kutsala. Ndiye musachite manyazi kufunsa makaniko kuti, "Mulowetsa ndi chiyani?" Akayamba kuyang'ana kumbali, tengani makiyi anu. Makaniko wabwino wopanda pulesi amanena poyera kuti kumasula amasula yekha, koma kukanikiza akakanikizitsa kwa mnzake. Ena ali ndi chibawuti chachitali chokhala ndi mbale zachitsulo, chimene chimakoka bering'i pang'onopang'ono pomanga nati. Chimenecho ndilibe nacho mawu, chimachedwa koma sichimenya.

Munthu wa manja abwino amene akufuna kusunga ndalama ndimamuuza kuti tigawane ntchito. Amasule yekha knuckle kunyumba, aikulunge m'thumba, akwere kabaza, abwere nayo. Ine yanga ndi kutulutsa yakale, kulowetsa yatsopano, ndi kuchotsa mphete yamkati ija imakakamira pa habu, imene timaicheka chopingasa ndi gulayinda n'kuiswa ndi tchizulo osakanda habuyo. Mtengo umatsika kwambiri. Koma asanagwire sipanala ndimamukhazika kaye pansi pa nkhani ya nati yayikulu ya pakati pa habu. Nati imeneyo ndi imene imapanikiza mphete ziwiri zamkati kuti zikhale pamodzi. Galimoto ikatsitsidwa pa jeki n'kukankhidwa natiyo isanamangidwe, ngakhale kungoisuntha kuti ilowe pa mthunzi, bering'i yatsopano ikhoza kuwonongeka pomwepo. Buku la Toyota la Corolla ndi Vitz limati imangidwe pa 216 Nm. Kupondera paipi ndi thupi lonse si muyeso, poti thupi la wina ndi la wina n'zosiyana. Bwerekani torque wrench, mukamaliza mukhomerere mlomo wa nati mu kamzere ka shafiti.

Palinso kawaya ka ABS. Kachotseni koyambirira, musakasiye kakulendewera ndi chitsulo cholemera. Mabering'i ena ali ndi maginito mbali imodzi, oyenera kuyang'ana kumene kuli kachipangizo ka ABS. Mukatembenuza, nyali ya ABS imayaka osazimanso, ndipo kuitulutsa bering'iyo kuti muitembenuze ndiye kuipha. Kuzindikira kwake n'kosavuta, yandikizani kawaya kopyapyala kachitsulo, kamakakamira mbali ya maginitoyo. Mabawuti ogwira shoko muwaike chizindikiro musanamasule, ndipo mukamanga pitani akaone ngati matayala ali olunjika, apo ayi mudya tayala latsopano mwezi umodzi.

Kumbuyo kwa ma Corolla ambiri zinthu n'zophweka. Habu ndi bering'i zimabwera zili pamodzi, zogwidwa ndi mabawuti 4. Pogula mumalira, koma poika ngakhale Loweruka masana mukhoza kumaliza nokha.

Chimene sindilekerera ndi jeki. Ija imabwera ndi galimoto ndi yosinthira tayala m'mbali mwa msewu, si yoti munthu azikankha zitsulo mwamphamvu miyendo ili kunsi. Tauni yathu ili m'tsinde mwa phiri, mabwalo a nyumba zambiri ndi otsetsereka, ndipo m'dzinja nthaka imafewa jeki n'kumamira. Pezani malo athyathyathya. Chirikizani galimoto ndi zoimikira zachitsulo kapena zipika zonenepa za mtengo wolimba, osati njerwa kapena mabuloko a simenti, amene amaphwanyika osachenjeza. Tayala limene mwachotsa ligone pansi pa galimoto, matayala otsalawo muwatchinge ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo.

Za kogula sindichulukitsa. Koyo, NSK ndi NTN ndi a ku Japan, SKF ndi ya ku Sweden, onsewo ndi mayina abwino, koma bokosi limasindikizidwa ndi aliyense. Kaya mukugula m'tauni muno kaya mwapita ku Limbe, tengani nambala ya chasisi, kapena nambala yolembedwa pa bering'i yakale. Tulutsani m'bokosi muone zilembo ngati zadindidwa mooneka bwino, muizunguze m'manja mumve ngati ikuyenda mosalala ndi mothinako. Mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani ndithu. Ine pakati pa bering'i yatsopano yosadziwika kwawo ndi knuckle yathunthu yochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa, yoti ndaizunguza ndekha n'kumva kuti ili bwino, ndimasankha yachiwiriyo. Bering'i yake idalowetsedwa ndi pulesi ya ku fakitale.

Ntchito ikatha, kaya mwagwira nokha kaya ndagwira ine, yendani mpaka ku Chinamwali n'kubwerera, osapondaponda mabuleki. Mukaima ikani dzanja pakati pa limu mbali zonse ziwiri. Kufunda kulibe vuto bola kufanane. Mbali yokonzedwayo ikamawotcha kuposa inzake, china chathina, ndipo pa mapikapu akale aja kawirikawiri imakhala nati, muibweze tsiku lomwelo. Mayeso amenewa musachitire msewu wa kuphiri, poti kumeneko mabuleki amatenthetsa malimu onse, simungadziwe kuti kutenthako kukuchokera pati. Manati a tayala muwayesenso ndi sipanala mawa lake m'mawa musananyamule anthu.