MWINI MALIRE NDANI?

Kwathu ndi ku Lizulu m'boma la Ntcheu, kumene msewu waukulu wochokera ku Lilongwe ndiwo malire a dziko lino ndi Mozambique. Ndili mwana, amayi ankandituma kutsidya kwa msewu kukagula matimati, ndipo ndinkatuluka m'dziko ndi kubwereramo madzi a nsima asanawire. Palibe anandifunsapo chiphaso. Mwina nchifukwa chake aphunzitsi athu a za malamulo, pogawa mbali za mlandu woti titsutsane m'kalasi, anandiloza ndi choko nati, "Inu a kumalire, mukhale loya wa Texas."

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba yake ya malamulo ndi apolisi ake. Pamwamba pa zonsezo pali boma la ku Washington. Ife kuno tikamva za boma la chitaganya timakumbuka Welensky ndi zaka zija za 1953 mpaka 1963, koma kwa iwo umo ndi mmene nyumba yao inamangidwira. Tsono funso limene tinapatsidwa linali lakuti: munthu akaoloka mtsinje wa Rio Grande kuchokera ku Mexico wopanda mapepala, woyenera kumugwira kapena kumubweza ndani, Texas kapena Washington?

Sabata yoyamba m'laibulale ndinaona kuti andipatsa mbali yogonja kale. M'chaka cha 1874 akuluakulu a California anatsekereza padoko la San Francisco akazi 22 ochokera ku China, potsata lamulo la chigawocho. Bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linathetsa lamulolo, ndipo chifukwa chake nchosavuta kumva: chigawo chimodzi chikazunza nzika za dziko lina, woyankha mlandu, ngakhale womenya nkhondo, ndi dziko lonse. M'chaka cha 2010 bwanamkubwa wa Arizona, Jan Brewer, anasaina lamulo lotchedwa SB 1070, boma la Obama linakasuma, ndipo pa 25 June 2012 bwalo lomwelo linafafaniza ndime zitatu mwa zinayi zimene zinali pamlandu. Arizona sakanatha kuzenga mlandu mlendo kaamba kosayenda ndi mapepala, kapena kaamba kofuna ntchito, ndiponso apolisi ake sakanatha kumanga munthu popanda chilolezo cha bwalo pongomuganizira kuti ngoyenera kupitikitsidwa m'dziko. Inatsala ndime imodzi, yolola wapolisi kufufuza za mapepala a munthu amene wamuimitsa kale pa chifukwa china.

Texas sanasamale zimenezi. Kuyambira 2021 bwanamkubwa Greg Abbott anatumiza asilikali a chigawo chake kumalire, nayala waya wa malezala m'mphepete mwa mtsinje. Mu July 2023 anamangirira mipira ikuluikulu yoyandama pakati pa madzi, mtunda wa mamita pafupifupi 300, pafupi ndi tauni ya Eagle Pass. Mu December chaka chomwecho anasaina lamulo la SB 4, lopatsa apolisi a Texas mphamvu yomanga oloka mozemba, ndi oweruza a Texas mphamvu yowalamula kubwerera ku Mexico. Mu January 2024 asilikali ake analanda bwalo la masewera la Shelby Park, m'mbali mwa mtsinje, natsekera kunja a Border Patrol, amene ndi alonda a malire a boma la Washington. Taganizani, anzanga, amuna ovala yunifomu a dziko limodzi akuyang'anizana pachipata, wina akuti tsegula, wina akuti sindinauzidwe. Pa 22 January bwalo lalikulu, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi, linalola a Washington kudula wayayo. Patapita masiku awiri Abbott analengeza kuti Texas walowereredwa ndi adani ndipo ali ndi ufulu wodziteteza, ndipo abwanamkubwa 25 a chipani chake anamuikira kumbuyo.

Mfundo yanga sindinaipeze m'mabuku ai. Ndinaipeza pokumbukira agogo anga aakazi. Nkhondo ya ku Mozambique itafika poipa cha m'ma 1986, anthu anaoloka msewu uja ndi mitolo pamutu. Ambiri anali abale, olankhula ngati ife, ndipo mafumu anawapatsa malo boma lisanafike ndi mabuku ake. Agogo anasunga banja lina m'khitchini mwao miyezi ingapo, ndipo amanena zimenezi monyadira. Koma mukawasiya alankhulebe, amafika pa nkhuni: mmene mitengo ya m'phiri inathera, mmene pachitsime pankakhalira mzere kuyambira tambala woyamba. "Olamula anali ku Lilongwe," amatero, "koma chitsime chinali chathu."

Ndinaimirira m'kalasi ndi mawu amenewo. Ndinati Washington ali kutali ndi mtsinje, pamene chipatala ndi apolisi a ku Eagle Pass ndiwo amakumana ndi anthuwo usiku ulionse. Ndinati mwini mphamvu akaleka kuigwiritsa ntchito asadabwe wapafupi akaitola. Ndinalankhula bwino ndithu, ndipo sindibisa kuti ndinakondwa anzanga ataomba m'manja. Mnzanga woimira Washington anali ndi malamulo onse kumbali yake, koma anawawerenga ngati mndandanda wa zogula kusitolo. Aphunzitsi anati pa malamulo wapambana ndi iye, pakamwa ndapambana ndine.

Madzulo ake, posonkhanitsa mapepala anga, ndinawerenganso tsamba limene ndinalidumpha dala pokonzekera. Usiku wa pa 12 January 2024 mayi wina ndi ana awiri, nzika za Mexico, anamira mumtsinje pafupi ndi Shelby Park. A Washington anayamba ndi kunena kuti asilikali a Texas anawaletsa kukapulumutsa anthuwo. A Texas anakana. Kenaka mapepala a Washington yemweyo kubwalo anasonyeza kuti atatuwo anali atamira kale pafupifupi ola lathunthu a Border Patrol asanauzidwe, ngakhale kuti chipata chinakanidwadi pamene anafuna kukaona anthu ena awiri amene anali pangozi. Maboma onse awiri anatenga imfa zimenezi nkuziika m'mikangano yao, aliyense podula pomukomera. Ine ndinachita zoposa apo, pakuti sindinazitchule nkomwe. Ndinadziwa kuti zikanaononga kukoma kwa mawu anga.

Chinandisautsanso nchakuti mbali zimenezi sizikhalitsa. Trump atabwerera pampando mu 2025, boma la Washington linachotsa dandaulo lake pa lamulo la SB 4, litatembenukira kale kwina: mu February linasumira chigawo cha Illinois ndi mzinda wa Chicago chifukwa cha malamulo ao oletsa apolisi kuthandiza pa ntchito yogwira alendo opanda mapepala. Mu July woweruza anautaya mlanduwo, potsata mfundo yakale yakuti Washington sangasandutse antchito a chigawo kukhala amithenga ake. Zinachitikaponso mu 2018 pamene boma loyamba la Trump linasumira California. Motero amene dzana ankafuula kuti zigawo zili ndi ufulu anayamba kufuula kuti boma lalikulu limvedwe, ndipo anzao aja anatola mawu amene awa anataya. Pamalamulo nkhani ziwirizi sizofanana kwenikweni, poti Texas ankafuna kugwira ntchito ya Washington pamene Illinois ankakana kugwirira Washington ntchito, ndipo pamayeso ndidzalemba chomwecho. Koma ndikamamva andale a mbali zonsezo sindikhulupirira kuti kusiyana kumeneku ndiko kumawasowetsa tulo. Ndipo ine ndingawanene bwanji, ine amene ndikanapatsidwa mbali ya Washington ndikanalankhula mokoma chimodzimodzi?

Patchuthi ndinawafotokozera agogo zonsezi tili pakhonde, ndikuyembekeza kuti akondwa kumva kuti mawu ao a chitsime anafika m'kalasi ya ku yunivesite. Anamvetsera akusola chimanga, osaonetsa chidwi pa za oweruza asanu ndi anayi. Nditafika pa za mayi uja anaimitsa manja.

"Anawavuula ndani?"

Ndinati anawavuula ndi a boma la Mexico, kutsidya kwao.

"Ana a misinkhu yanji?"

Ndinati wina wa zaka khumi, wina zisanu ndi zitatu.

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana kumsewu kumene malole a mbatatesi anali kupakira. Kenaka anamasula mfundo ya pansalu yao, natulutsa ndalama, nati ndithamange kutsidya ndikagule mchere kusanade.