Sukulu Imene Mwana Ayamba Ndiye Kufunsa

Makolo ambiri a kuno ku Nkopola, ndi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kufikira ku Malombe, ali ndi dandaulo limodzi. Ati ana safuna sukulu. Mnyamata akafika Sitandade 4 kapena 5 mtima wace uli kugombe kumene alovi akoka khoka, pakuti usipa ukagwa bwino ndalama aigwira tsiku lomwelo. Boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale m'caka ca 1994, koma ana othawa alipobe.

Tsono taonani mwana yemweyo. Adziwa mwera, mpoto ndi vuma asanaone mafunde. Asoka ukonde. Awerenga mabeseni a usipa osaphonya, ndipo wogula sangamnyenge. Zonsezi palibe anamphunzitsa ndi ndodo. Kodi tinganene kuti mutu wace ngwouma?

Funso limeneli landitsata pa nchito yanga ya ulangizi, ndipo ndilo linandicititsa kufufuza za sukulu zimene mwana atsogolera yekha maphunziro ace, wamkulu nangomthandiza.

Ife alangizi njira iyi tinayamba kuidziwa kwa akulu. Ena a inu munalowapo m'sukulu ya alimi ya m'munda. Sukuluzi zinayamba ku Indonesia m'caka ca 1989 ndi thandizo la bungwe la FAO. Kumeneko alimi a mpunga anali kuthira mankhwala ambiri, koma tizirombo tinali kungoculuka, cifukwa mankhwalawo anali kupha akangaude ndi tizirombo tina todya tinzace toononga. Kuwauza pa msonkhano sikunathandize kwenikweni. Cinathandiza ndico kuti alimi 25 kapena 30 akumane m'munda mlungu uli wonse, kucokera pobzala kufikira pokolola, naone okha, najambule zimene aona, napangane cocita. Pambuyo pace, m'caka ca 2003, FAO ndi WFP anayesa njira yomweyo pa ana ku Mozambique, makamaka ana amasiye a zaka 12 kufikira 17, anyamata ndi atsikana pamodzi. Sukulu za ana zoterezi zinafikanso kuno kwathu.

Ndinaiyesa njira iyi ndi kagulu ka ana m'dimba lina pafupi ndi nyanja. Tsiku lina anapeza cimanga cobooka masamba, ndi m'kati mwa nsonga muli zonga utuci. Anandifunsa, "Alangizi, cadya cimangaci nciani?" Yankho ndinali nalo, pakuti mbozi ya nchemberezandonda yatisautsa cifikire m'dziko muno ca m'ma 2016 ndi 2017. Koma lamulo la sukulu iyi ndi lakuti mlangizi agwire lilime lace. Kunena zoona, kwa munthu wolipidwa cifukwa ca kulankhula, palibe nchito yowawa ngati imeneyi. Ndinangoti, "Tsegulani nsongayo tione."

Anaipeza mbozi. Mtsikana wina anati tiiike m'botolo. Anathiramo dothi pang'ono, naipatsa masamba mmawa uli wonse. Patapita masiku mbozi inalowa m'dothi niuma ngati yakufa, ndipo ana anakangana, ena ati tiitaye, ena ati tidikire. Anapambana odikira. Mmawa wina m'botolo munali gulugufe wotuwa, wa mtundu uja uuluka usiku. Kuyambira apo palibe anawauza kuti afune mazira pa masamba. Anayamba okha kuwaphwanya, ndipo anaonanso nyerere zirikukoka mbozi zazing'ono, nagwirizana kuti nyerere za m'dimba zisaphedwe.

Cimene cinandikondweretsa koposa ndi ici. Pofuna kudziwa ngati mbozi zirikucepa, anayenera kuwerenga mapesi 20 mlungu uli wonse ndi kulemba odyedwa. Mnyamata wina, amene anasiya sukulu ali Sitandade 3, anakwiya poona kuti anzace alemba iye angoyang'ana. Analanda pensulo nati amuonetse. Manambala amene anawathawa m'kalasi anawapempha yekha m'dimba, cifukwa tsopano anali ndi nchito nawo.

Nzeru iyi si ya dzulo ai. Ku Rome, m'dziko la Italy, dokotala wina wamkazi dzina lace Maria Montessori anatsegula nyumba ya ana a anthu osauka m'caka ca 1907. Anaika zipangizo pa mashelefu aafupi kuti mwana asankhe yekha cogwira, nakhale naco nthawi imene afuna, mphunzitsi ali ceteu kuyang'anira. Lero sukulu za dzina lace ziri m'maiko ambiri, ngakhale zambiri zasanduka za anthu a ndalama, cinthu cimene ndiciona cacilendo poganiza kumene zinayambira.

M'sukulu za Boma namonso mwalowa kanthu kofanana nako. M'caka ca 2013, pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, mabungwe a VSO ndi onebillion anayamba kupatsa ana timakina ta m'manja tochedwa tabuleti. Mwana avala zomvera m'makutu, kamakina kamlankhula m'cinenero cathu, ndipo aphunzira kuwerenga ndi masamu pa liwiro lace. Wofulumira apitirira, wocedwa abwereza popanda womseka. M'caka ca 2023 Boma linayamba kufalitsa nchito iyi m'sukulu za pulaimale pansi pa dzina la BEFIT. Ine ndiiyamika, ngakhale ndiona kuti pamenepa mwana asankha liwiro lokha. Njira anamlambulira kale ena.

Tsono ndimve bwino, abale, pakuti ndidziwa kuti wina anena, "Alangizi avomera, mwana apite kunyanja akaphunzire yekha." Sindinatero ai. Ambiri munamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anasiya sukulu ya sekondale cifukwa ca kusowa malipiro pa njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina oyenda ndi mphepo opatsa magetsi, ndi zitsulo za njinga, zotayidwa za thirakitala ndi mitengo ya bulugamu. Anthu akonda kunena kuti anadziphunzitsa yekha, ndipo nzoona. Koma aiwala kuti anali atatha pulaimale, anadziwa kuwerenga, ndipo pa sukulu ya Wimbe panali kanyumba ka mabuku kumene anabwereka buku lochedwa Using Energy. Mwai utapezeka anabwerera kusukulu, natsiriza maphunziro ace pa Dartmouth College ku America m'caka ca 2014. Mwana wokoka khoka usiku wonse alibe buku, alibe wamkulu womfunsa mafunso, ndipo mmawa agona. Ameneyo sali pa sukulu ya mtundu uli wonse, ali pa ganyu.

Njira iyi iri ndi zobvuta zace. Icedwa. Cimene ndikadanena m'mphindi zisanu cinatitengera milungu itatu. Ifuna wamkulu wopirira, wosacita manyazi mwana akamtsutsa, ndipo pa mwambo wathu mwana wofunsafunsa timti wamwano. Ana ena amanyazi, makamaka atsikana, akhala cete ngati wamkulu sawapatsa mpata mwadala. Ndiponso mayeso a Sitandade 8 safunsa za botolo la mbozi, cotero kagulu kotere kayende pambali pa sukulu, kasalowe m'malo mwace.

Mudzi umene ufuna kuyesa ulankhule ndi mfumu, komiti ya sukulu ndi mlangizi wa dera lao mvula isanagwe. Pafunika kamunda kakang'ono pafupi ndi madzi, kogawidwa pawiri kuti ana ayerekeze njira ziwiri za kalimidwe, makope ocepa ndi mapensulo, ndi ana osapitirira 30, atsikana ofanana ndi anyamata. Tsiku lokumana lisagundane ndi nthawi ya sukulu, ya madrasa kapena ya chalichi. Zokolola za m'kamundako zikhale za anawo, ndipo cocita nazo apangane okha.