Kalata kwa Mdzukulu Amene Akufuna Udindo wa Msungichuma

Kwa mdzukulu wokondedwa,

Kalata ino yalembedwa chifukwa cha mawu amene afika kuno kumudzi kudzera mwa azakhali ake, akuti mdzukulu wavomera kupikisana nawo pa chisankho cha komiti yoyendetsa mpira wa atsikana m'boma limene akugwirako ntchito, ndiponso kuti akuluakulu amene akhalitsa m'komitimo ndiwo amunyengerera kuti akhale msungichuma, pomulonjeza kuti mavoti amupezera okha ndipo iye azidzangosaina. Agogo sakuletsa mwana wamkazi kulowa m'zamasewero, pakuti iwonso anakulira pabwalo, koma lonjezo lachiwirilo lawasowetsa tulo, chifukwa ndalama zikasowa chimene chimatsala papepala ndi dzina la amene anasaina.

Zamvekanso kuti mdzukulu amakonda kutchula Fatma Samoura ngati chitsanzo chake, ndipo nkoyenera kuti mbiri ya mayi ameneyu aidziwe kuyambira kuchiyambi. Samoura anabadwa ku Senegal mu 1962, anaphunzira ku Lyon ndi ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo atagwira ntchito pa kampani yogulitsa feteleza kwawo, mu 1995 analowa World Food Programme, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, kulikulu lake ku Rome. Ntchito yake kumeneko inali yoyendetsa katundu, kutanthauza kuonetsetsa kuti chakudya chochoka kudoko chafika kwa anthu ovutika chili chokwanira monga momwe chinalembedwera. Pambuyo pake anatumikira ku Djibouti, Cameroon, Chad, Guinea, Madagascar ndi Nigeria, kotero kuti pamene pulezidenti Gianni Infantino anamutchula ku Mexico City mu May 2016 kukhala mlembi wamkulu wa FIFA, bungwe loyendetsa mpira wa miyendo padziko lonse, mayiyu anali ndi zaka 53, ndipo zaka 21 mwa zimenezo anazithera pa ntchito imene tsiku ndi tsiku imafuna kuwerenga pepala lisanasainidwe.

Mlembi wamkulu ndiye mkulu wa ogwira ntchito m'bungwe, amene amayendetsa ofesi ndi chuma pomwe pulezidenti akutsogolera ndale zake, ndipo Samoura anali mkazi woyamba kukhala pampando umenewu. Koma mdzukulu aone nthawi imene anaitanidwira. Mu May 2015 apolisi anagwira akuluakulu angapo a mpira pa hotela ina ku Zurich pa milandu ya ziphuphu, ndipo Jérôme Valcke, amene anali mlembi wamkulu, anachotsedwa ntchito mu January 2016. Agogo amaona kuti mkazi kawirikawiri amakumbukiridwa pamene bungwe ladetsedwa ndipo likufuna nkhope yoyera yoonetsa kwa anthu, ndipo ngakhale za Samoura ambiri ankanena kuti mphamvu zenizeni zinatsala m'manja mwa pulezidenti. Ngati zinanenedwa za munthu wa mbiri yotere, akuluakulu a komiti ya m'boma sadzaopa mtsikana amene ayamba kumene ntchito.

Mu August 2019 FIFA inatumiza Samoura kukayang'anira CAF, bungwe la mpira wa mu Africa, kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pa nthawiyo akatswiri owerengera ndalama a PwC anafufuza mabuku a bungwelo nkupeza kuti sanali odalirika komanso kuti ndalama zambiri zinkatuluka popanda mapepala okwanira. Atsogoleri a CAF sanawonjezere nthawi yake mu February 2020, ndipo mu November chaka chomwecho pulezidenti wawo, Ahmad Ahmad, analetsedwa kuchita nawo za mpira. Samoura anatula pansi udindo wake ku FIFA kumapeto kwa 2023, chaka chimene mpikisano wa dziko lonse wa amayi unakhala ndi matimu 32 koyamba. Mayi winanso, Isha Johansen, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti wa mpira ku Sierra Leone mu 2013, anazengedwa mlandu wa katangale, ndipo ngakhale khoti linamupeza wosalakwa mu May 2019, dzina lake linali litakhala kale m'nyuzipepala kwa zaka pamodzi ndi mlanduwo.

Mantha a agogo ali ndi chiyambi chake pafupi kwambiri. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, iwo akusewera ntchemberembaye m'timu ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, atsikana anasankha mnzawo wina, mwana wa kapitawo, kukhala msungichuma chifukwa anali atamaliza Sitandade 8 ndipo ankalemba mooneka bwino, pomwe wapampando anali kalaliki wa pa esitetipo, bambo waulemu wake amene ankatsogolera mapemphero timu isanalowe m'bwalo. Esiteti itapereka ndalama za yunifolomu ndi za lole yopita ku mpikisano ku Blantyre, kalalikiyo ankabwera ndi buku la malisiti madzulo masewero akutha, ndipo mtsikanayo ankasainira pabondo, manja ali fumbi lokhalokha, malo olembapo kuchuluka kwa ndalama ali osalembedwa, pouzidwa kuti manambala akadzazidwa ku ofesi. Yunifolomu inabwera yosakwanira ndiponso yosuluka, ndipo pa tsiku la ulendo atsikana anadikira pamsewu kuyambira m'bandakucha, mbatata zawo zophika zili m'mipango, mpaka dzuwa linafika pamutu lole osaoneka. Bwana wamkulu ataitanitsa mabuku, tsamba lililonse linali ndi dzina la mtsikanayo, ndipo kalaliki ananena modekha kuti iye anali wongolangiza. Bambo a mtsikanayo anagulitsa njinga ndi mbuzi kuti nkhani isafike kupolisi, mwanayo anatumizidwa kwawo kwa amayi ake, ndipo sanapondenso pabwalo. Kalaliki uja anapitiriza kukhala wapampando.

Choncho mdzukulu asasaine cheke kapena lisiti limene manambala ake sanalembedwe, ngakhale wolibweretsayo akhale wa msinkhu wa abambo ake, ngakhale anene kuti basi ikudikira panja ndipo osewera ali ndi njala. Asalole kuti ndalama za othandiza timu zidutsire pa foni yake kapena mu akaunti yake ya kubanki. Asalandire alawansi ya msonkhano umene sanakhalepo. Ndalama iliyonse yotuluka ikhale itavomerezedwa ndi komiti nkulembedwa m'maminitsi, amene ndi zolemba za zimene msonkhano wagwirizana, ndipo iye azisunga kope lakelake kunyumba. Pa zimenezi agogo sakupempha, akulamula.

Komabe agogo sakufuna kuti mwana wa mwana wawo abwerere m'mbuyo chifukwa cha mantha a nkhalamba, pakuti atsikana a m'bomalo akufunika munthu wowayimira, ndipo mdzukulu ali ndi mutu wa masamu umene amayi ake anali nawo. Ngati mpando aufunadi, ayende yekha kukapempha mavoti kwa aphunzitsi ndi matimu, kuti asadzakhale ndi ngongole kwa munthu aliyense, ndipo asanapereke dzina lake apemphe kuona malamulo oyendetsera komitiyo ndi lipoti la zachuma la chaka chatha. Akakanizidwa kuziona, alisiye dzinalo m'thumba. Akapatsidwa, abwere nazo kuno pa tchuthi chikubwerachi kuti adzaziwerenge pamodzi ndi agogo ndi azakhali ake asanayankhe akuluakulu aja.

Agogo ake aakazi